Luzi Lomwe Ndidatumiza kwa Apongozi

Ana anga, manja awa ayamba kunjenjemera ndipo pulena wopalira matabwa sakundimveranso, choncho ndati ndigwire pensulo mutu udakali bwino. Za ubwana wanga sindilemba, mbuzi zomwe ndinkaweta zidadyedwa kalekale. Ndikufuna mudziwe za ntchito ya matabwa yomwe idakulerani, makamaka za khonde limodzi lomwe lidatsala pang'ono kundisandutsa munthu woipa. M'nkhaniyi muli agogo anu a Kamtedza, bambo wa mayi anu, amene enanu simudawaone.

1907

Ndidalowa ntchito pa shedi ya matabwa ya pamishoni ya kwathu ndili mnyamata wa ndevu zongomera kumene. Mkulu wa shediyo adali bulazala wina wachizungu wa mpingo wathu, wofiira ndevu, amene tonse tinkamutcha Chamisomali iye kulibe, chifukwa tikaweruka ankakhuthula chitini n'kuwerenga misomali yotsala umodziumodzi. Ukapinda msomali ankakutuma kukauwongola pamwala, iye ataima pambuyo pako. Poyamba tinkati ndi umbombo, koma misomali inkabwera pamitu ya amtengatenga kuchokera kutali kumunsi, ndipo ikatha tinkakhala miyezi tikuyang'ana kunjira. Chinyanja chake chidali chokhota, ankachilankhula ngati akutafuna chimanga chokazinga, koma manja ake ankadziwa mtengo. Sadandimenyepo ngakhale kamodzi, ngakhale tsiku lomwe ndidathyola dzino la sowo wake.

Ataona kuti ndidaphunzirako manambala kusukulu, adayamba kundikhazika pabenchi ndi pepala. Ankati, "Ngozo, usanagwire sowo khala pansi. Mtengo ukaudula sungaukoke kuti utalike." Adandiphunzitsa kuwerengera ntchito isanayambe: mizati ingati, mitanda ingati, matabwa angati, ndipo pa matabwa khumi alionse uwonjezepo limodzi la kung'aluka. Paliponse pomwe thabwa ladutsa pamtanda, misomali iwiri. Ukatha mitengo uwerenge anthu, masiku a ocheka kunkhalango ndi mitu ya onyamula, pakuti thabwa ndi munthu mmodzi koma mtanda ndi anthu awiri. Pomaliza uwerenge malipiro awo, masheleni, mikwamba ya nsalu ndi mchere wa panjira. Anzanga ankandiseka kuti ndasanduka kalaliki wa utuchi, koma ine ntchito ya papepalayi ndidaikonda kuposa kupala. Ndikamuthokoza munthu uja lero ndimamuthokoza chifukwa cha benchi ija.

1910

Chaka ichi adanditumiza ku Linthipe kukaika zitseko ndi mawindo pa kasukulu kena ndi pa nyumba yogona aphunzitsi. Ndidakhalako miyezi isanu ndi iwiri. Misomali idatha mwezi wachiwiri, ndipo nditatumiza mawu kumishoni yankho lidali lakuti ndione ndekha chochita. Ndidayamba kusema zikhomo za muwanga n'kumaboola matabwa ndi chitsulo chowotcha pamoto. Ndidadzamva kuti zitseko zija zidakhala zaka zambiri kuposa zomwe tidakhomera misomali.

Matabwa a ntchitoyo ankacheka ndi amuna awiri a ku Chongoni, a Kamtedza ndi mlamu wawo a Lembani. A Kamtedza adali aatali, osalankhulalankhula, ndipo thabwa lawo linkatuluka lowongoka ngati lapalidwa kale. Mwana wawo wamkazi, Naphiri, ndiye ankawabweretsera ufa ndi nyemba kuchokera kumudzi. Ndidayamba kupeza zifukwa zokaona matabwa tsiku lomwe iye ankabwera, mpaka a Lembani adandifunsa ngati matabwa amakula Lachinayi lokha. Chaka chotsatira tidakwatitsa ukwati kutchalitchi, ndipo achibale ake adandilola kumutenga chitengwa chifukwa ntchito yanga idali kumishoni.

Inu a masiku ano mumakhala pamphasa imodzi ndi apongozi anu n'kumaseka nawo. Ife sizidali choncho. Kuyambira tsiku la ukwati, munthu amene ndinkatsutsana naye za matabwa adasanduka woti sindingamuyang'ane kumaso. Ndikakumana ndi apongozi aakazi panjira ndinkapatukira kutchire, mame kapena minga zilibe kanthu. Ndi apongozi aamuna tinkapatsana moni titatalikirana, aliyense akuyang'ana kwake, ndipo nkhani yeniyeni inkadzera mwa mayi anu kapena mwa a Lembani. Sudali udani, udali ulemu, ndipo ine ndinkaunyadira. Amalume anga adali atandilangiza kuti mkamwini asamakule mwendo, ndipo ndidawamvera mopitirira.

1913

Kumayambiriro kwa chaka ichi Chamisomali adandipatsa ukapitawo wa pashedi, ndi nyumba ya zipinda ziwiri pafupi ndi ntchito. Mayi anu adali ndi pakati pa iwe Agata. Ndidayamba kuyenda ndi pensulo kukhutu ngakhale popita kumadzi, ndipo ndivomere kuti matama adandikwera.

Ntchito yanga yoyamba idali khonde la nyumba ya odwala. Nyumbayo idamangidwa pamtsetse, ndipo mukuidziwa nkhungu ya kuno mwezi wa Juni. Odwala chifuwa ankawatulutsa kuti aothe dzuwa, koma ankagona pansi ponyowa n'kubwerera m'nyumba akutsokomola koposa. Akuluakulu a pamishoni adagwirizana zomanga khonde la matabwa lokwezeka pamizati, loti mabedi azitulukira pomwepo. Chamisomali adandiuza kuti, "Nthawi ino pepala ndi lako. Ine ndingoona pansi pake."

Ndidalikhalira masiku atatu pepala lija, ndipo mpaka lero ndikhoza kulinena pamtima. Khonde lidali la mapazi makumi atatu m'litali, asanu ndi anayi m'lifupi. Mizati isanu ndi iwiri ya muwanga, chifukwa chiswe chimaulephera. Mitanda ya mlombwa khumi ndi isanu ndi umodzi, yochoka pakhoma kukatsamira pamtengo wopingasa wa pamizati. Matabwa a pansi makumi atatu ndi asanu ndi limodzi, kuonjezapo anayi a kung'aluka. Misomali mazana anayi ndi makumi atatu ndi iwiri, ndipo ndidaonjezapo khumi yokha poopa nkhope ya mwini chitini. Ocheka ndidawapatsa masabata asanu ndi awiri, onyamula ndidawawerenga mutu ndi mutu. Kenaka ndidafuna kuonetsa nzeru. Ocheka amasiya kamsonga kotsalira pamtanda uliwonse kuti mmisiri adzadule yekha, koma ine ndidawerengera kuti akadula ndendende, gogo limodzi lomwe tikadalisiya likwanira, ndipo malipiro atsika ndi masheleni awiri. Chamisomali adaliwerenga pepala, adagwedeza mutu n'kunena kuti, "Wakula, Ngozo." Tsiku limenelo phazi silinkagunda pansi.

Ocheka adali omwe aja, a Kamtedza ndi a Lembani. Za matabwa a pansi panalibe vuto, chifukwa adali ndi bango lawo la muyeso umenewo kuchokera pa ntchito zakale. Muyeso wa mitanda ndiwo udali watsopano, ndipo iwo za mapazi ndi mainchi sankazidziwa. Kapitawo wanzeru akadanyamula lula woyezera n'kuyenda tsiku limodzi kupita ku Chongoni, n'kukalemba yekha pagogo. Koma kupita kumeneko kudali kukagona pamudzi wa apongozi, kukaima pafupi nawo, ndiponso kukawauza mmene angachekere mtengo, ine mkamwini wa dzulodzulo. Ndikaganiza zimenezo thukuta linkatuluka. Mwayi wake, mayi anu ankapita kwawo sabata lomwelo kukadikira nthawi yawo pafupi ndi amayi awo. Chingwe cha mushedi sindidachilembe papepala, ndipo sindidafune kukapempha chinthu chomwe ndidaiwala kuwerengera. Ndidangopita kuseri, ndidasenda luzi pamtengo wa mombo, ndidaliyeza palula bwinobwino n'kumanga mfundo uku ndi uku.

Mayi anu atalilandira adalifinya m'manja n'kunena kuti, "Luzi ili n'laliwisitu, a Ngozo."

"Luzi ndi luzi," ndidatero. "Mukawauze abambo adule pamfundo penipeni, asasiyepo kanthu."

Adandiyang'ana pang'ono, adalikulunga n'kuliika mudengu. Safunsa adadya phula, ndipo ine ndidachita kuposa pamenepo, chifukwa ndidauzidwa osafunsa koma ndidatseka makutu. Ndidadzamva pambuyo pake kuti a Kamtedza adali asanamalize kukolola, ndipo luzi lija adalipachika kudenga la khitchini, pautsi, masabata awiri.

Ife kuno sitidagone. Tidazika mizati m'miyala ndi laimu womangira, tidaika mtengo wopingasa, ndipo ofolera adatsitsa denga mpaka kudzatsamira pamizati yomweyo. Tsiku lomwe mitanda idafika kudali m'mawa, nkhungu ikungoyamba kuchoka. Onyamula adaitula pabwalo, a Kamtedza ndi a Lembani adakhala pansi pa mtengo kudikira malipiro, ndipo odwala ena adasuzumira pakhomo kuti aone khonde lawo. Tidanyamula mtanda woyamba, mbali imodzi tidailowetsa m'bowo la pakhoma, mbali inayo idangolendewera m'malere. Udaperewera chikhatho chathunthu ndi zala ziwiri. Ndidati mwina ndi umodzi wokha. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi. Yonse khumi ndi isanu ndi umodzi idali yofanana ngati mapasa, yowongoka, yokongola, koma yaifupi. Kusuntha mizati kudali kugwetsa denga ndi kuswa miyala yomwe idadya laimu yense wa chaka chimenecho. Ndidadziwa pomwepo chomwe chidachitika.

Chamisomali adayeza mitanda itatu ndi lula wake, khosi lake lidafiira kuposa ndevu, n'kupita pomwe adakhala ocheka. Adafunsa kuti, "Kamtedza, kapitawo wanga adakupatsani muyeso?"

"Adatipatsa, Bulazala."

"Nanga izi n'chiyani?"

Luzi lija ndidaliona ndi maso anga. Lidali lokulungidwa pachigwiriro cha sowo wawo, lakuda ndi utsi. A Kamtedza adasuntha phazi pang'onopang'ono n'kukankhira chigwirirocho pansi pa mtolo wa zofunda zawo. Adayankha ali chiweramire kuti, "Maso akalamba, Bulazala. Muyeso udali bwino, ine ndiye ndidaphonya polemba."

A Lembani adatsegula pakamwa, koma a Kamtedza adawagwira bondo. Chamisomali adati za matabwa a pansi alipira, koma za mitanda sapereka ngakhale kansalu kakang'ono, ndipo kuyambira tsikulo mishoni ifuna ocheka ena. Kenaka adatembenukira kwa ine n'kunena kuti ndikakhale pansi ndiwerengere zomwe zatayika, ndiponso ndilembe mayina a ocheka a kwina.

Ndidakakhala pabenchi ija ndi pepala, dzuwa lili pamutu. Sindikunamizani, ana anga, ndidaganiza zokhala chete, ndipo ndidaganiza nthawi yaitali. Palibe amene akadadziwa. Mwini wake adasankha yekha kusenza mlandu, ndipo adachitira mwana wake ndi mdzukulu wosabadwa kuti asachoke m'nyumba ya zipinda ziwiri. Ndidadziuza kuti kutsutsa apongozi pagulu ndi mwano woposa kukhala chete, ndiponso kuti ndizidzawatumizira nsalu mwakachetechete mpaka zitakwana. Maganizo amenewa adali okoma ndithu. Koma nsalu sikadabweza dzina. Munthu uja kudera lonse la Chongoni ankadziwika ndi chinthu chimodzi, kuti mzere wake suphonya, ndipo onyamula makumi angapo adamva ndi makutu awo akunena kuti maso ake atha. Pofika madzulo nkhaniyo ikadakhala ili m'midzi yonse, ndipo palibe akadawaitananso kukacheka. Ndidayesa kulemba dzina la wocheka wina wa ku Linthipe, pensulo idakana kuyenda.

Ndidanyamuka n'kupita pansi pa mtengo paja. A Kamtedza ndi a Lembani ankamanga katundu kuti azipita. Ndidagwada pafupi kwambiri kuposa mmene ndidawayandikirapo chikwatirire, ndipo kwa nthawi yoyamba ndidawalankhula osadzera mwa munthu.

"Apongozi, ndipatseni luzi lija."

Adayang'ana kumbali n'kuyankhira kwa a Lembani. "Auzeni a Ngozo kuti luzi ndidataya kunkhalango."

"Lili pasowo, apongozi. Ndaliona."

"Auzeni abwerere kuntchito kwawo. Nkhani yatha."

Ndidawomba m'manja kupepesa, ndidatambasula dzanja n'kulimasula ndekha pachigwiriro. Sadandiletse. Ndidapita nalo kwa Chamisomali, amene adali akadaimirira pakati pa mitanda, ndidaliyala pambali pa lula wake anthu onse akuona. Kuchokera mfundo kufika mfundo lidaperewera chikhatho ndi zala ziwiri.

"Muyeso womwe ndidatumiza ndi uwu, Bulazala," ndidatero. "Ndidalisenda laliwisi, lidauma n'kufupika. Ndine ndidati adule pamfundo osasiya kanthu. Iwo adacheka ndendende zomwe ndidawatuma."

Adalitola luzi lija, adalikoka ngati akufuna kulitalikitsa, n'kundifunsa kuti, "Uli ndi miyendo iwiri, uli ndi lula. Bwanji sudapite wekha?"

"Ndi apongozi anga, Bulazala."

"Ndiye?"

Onyamula ena adaseka chapansipansi, chifukwa iwo adamvetsa zonse, koma mzungu uja adangondiyang'ana ngati ndayankha funso lina. Kenaka adalowa m'stolo n'kutuluka ndi nsalu ndi masheleni onse a ocheka. Adawapereka kwa a Kamtedza ndi manja awiri n'kunena kuti, "Maso anu ali bwino, koma lilime lanu lero lakhota." Kwa ine adati ukapitawo upita kwa Petulo, mnzanga wa pashedi, pamodzi ndi nyumba, ndipo ndipite ku Chongoni ndi lula ndikacheke mitanda ina khumi ndi isanu ndi umodzi ndi manja anga, popanda malipiro mpaka itafika. Yaifupi ija adati tidzapangira mabenchi a kusukulu ndi makwerero a khonde lomwelo. Akadatha kundithamangitsa tsiku lomwelo ndipo palibe akadamudzudzula. Ukapitawo adadzandibwezera patapita zaka zisanu, nkhondo ya azungu itatha, koma pa tsikulo sindinkadziwa kuti udzabwera.

Ndinkayembekeza kuti apongozi akondwera. Ndidalakwitsanso pamenepo. Ulendo wonse wa ku Chongoni adali patsogolo, ine pambuyo, a Lembani pakati. Titafika pamtsinje adaima n'kunena kuti, "A Lembani, auzeni a Ngozo kuti ine ndidavula nsalu yanga kuwafunditsa, iwo aivula pagulu n'kuitaya pansi. Chibadwire sindidanamepo kwa mzungu kapena kwa munthu wakuda. Ndanama kamodzi kokha chifukwa cha iwo, ndipo andiyalutsa dzuwa lisanapendeke. Tsopano mwana wanga akalerera kuti khanda?" A Lembani sadabwereze mawuwo, pakuti ndidawamva ndekha. Ndidafika pamudzi osadziwanso ngati ndidachita bwino. Mayi anu atamva zonse sadandikumbutse kuti adandichenjeza za luzi laliwisi. Adangofunsa ngati ndadya, ndipo chifukwa cha chimenecho ndidawalemekeza moyo wawo wonse.

Kucheka matabwa kumafuna anthu awiri. Gogo amaligoneka pamwamba pa dzenje, katswiri amaima pamwamba kutsata mzere, mnzake amakhala m'dzenje kukoka sowo, utuchi ukumugwera m'maso, m'mphuno ndi m'khosi. A Lembani adatuluka m'dzenje mosangalala n'kunena kuti msana wawo wapeza mkamwini. Masabata asanu ndidakhala pansi pamenepo, a Kamtedza ali pamwamba panga. Manja adatuluka matuza, matuza adaphulika, mapewa adauma. Munthu amene ndinkaopa kuima naye pafupi tsiku limodzi, tsopano ndinkaona zidendene zake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Sowo amafuna kuti awiri apume pamodzi, ndipo pofika sabata lachitatu tinkakoka ngati munthu mmodzi, koma mawu ayi. Akafuna kuti ndifulumire ankauza a Lembani. Pa nthawi ya kudya iwo ankakhala kutsidya kwa gogo atandipatsa msana. Iwe Agata udabadwa sabata lachinayi, ndipo ngakhale tsiku limenelo adangouza a Lembani kuti andiuze ndikhoza kuweruka msanga.

Mtanda womaliza tidaumaliza masana ena kukutentha. Ndidatuluka m'dzenje woyera ndi utuchi, ndidauyeza ndi lula, udakwana n'kutsalako zala zitatu. A Lembani adali atapita kumudzi kukaitana onyamula, ndipo tidatsala awiri. Ndidakakhala kumbali kwanga monga mwa masiku onse. Ndidamva akufukula mbatata paphulusa, kenaka ndidamva mapazi akuzungulira gogo. Adadzakhala pansi pafupi nane, adanyema mbatata ija pakati n'kundipatsa mbali imodzi m'manja.

"Luzi lija ndidalikayikira," adatero, akundiyang'ana kumaso. "Ndidaliona kuti lakhwinyata. Koma ndidati mkamwini ali ndi lula wa mzungu, ine ndine yani kuti ndikamufunse. Manyazi anu adakumana ndi anga."

Adatafuna mbatata yawo pang'onopang'ono, n'kupitiriza.

"Mudandisandutsa wabodza pamaso pa anthu, a Ngozo, ndipo zidandiwawa. Zikundiwawabe. Koma ndakhala ndikuganiza pamwamba paja masabata onsewa. Kuli bwino wabodza akhale ine, kusiyana n'kuti ndikhale nditapereka mwana wanga kwa wabodza. Idyani, ikuzizira."

Ndidalira, ana anga, bambo wandevu ndi mwana kumudzi, ndipo iwo adakhala pomwepo osandiletsa mpaka ndidamaliza mbatata yanga.